Chingwe Choyezera cha a Mzere

Pa koleji imeneyo munthu akanatha kutukwana mkulu wa koleji n'kukhululukidwa, koma osati kuponda mzere wa laimu usanaume. Amene ankajambula mizereyo pabwalo la masewero anali bambo wina wamfupi, wa miyendo ya matewe ndi mawu aakulu kuposa thupi lake. Ophunzira anawapatsa dzina loti a Mzere, ndipo dzinalo linakakamira mpaka akazi awo ankawaitana nalo akapsa mtima. Ntchito yawo inali kutchetcha udzu, kukwirira maenje, kuthamangitsa mbuzi za anthu oyandikana ndi koleji, ndipo mvula ikatha chaka chilichonse, kuyeza bwalo lonse mwatsopano n'kuthira laimu. Zinazo ankachita monyinyirika, koma pa kuyeza sankafuna munthu wowathandiza kapena wowalankhulitsa.

Zida zawo zinkakhala m'kanyumba ka malata kuseri kwa golo: wilibala ya tayala lolira, chitini chobooledwa ndi msomali chothirira laimu, zikhomo zachitsulo, nyundo, ndi chingwe cha nayiloni chabuluu cha mamita 50 chokhala ndi mfundo mbali zonse ziwiri. Chingwecho anachiyeza kamodzi ndi tepi ya amisiri amene ankamanga laibulale, ndipo kuyambira pamenepo ankachikhulupirira kuposa abusa a kutchalitchi kwawo. Mtunda wa mamita 100 ankaupeza pochigoneka kawiri. Mphunzitsi aliyense amene anayerekeza kuwapatsa nzeru ankamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutaye.

"Ine sukulu ndinalekezera panjira," ankatero, "koma digiri yanuyo singakoke mzere wowongoka ngati uwu."

Ndipo sankanama. Mizere yawo inali yowongoka moti munthu ankachita manyazi kuyenda mokhotakhota pafupi nayo.

Chaka china kunali wophunzira wina wamtali, wokonda galasi kuposa mabuku. Ankathamanga bwino ndithu, tisamunamizire, koma bwino wake wa pa koleji, wopambana anzake a m'kalasi amene theka lawo ankasuta. Tsiku la mpikisano wa chaka chimenecho anathamanga mamita 100, ndipo aphunzitsi atatu ogwira mawotchi anayang'ana mawotchi awo, n'kuyang'anana, n'kuyang'ananso mawotchi. Onse atatu ankanena masekondi 10.2. Pa koleji imeneyo panalibe munthu amene anayandikirako liwiro lotere chiyambire. Anyamata anamunyamula paphewa, atsikana anakuwa mpaka kusasa mawu, ndipo dzuwa lisanapendeke anali ndi dzina latsopano, Kamvuluvulu. Palibe amene anadabwa kuti tsiku limenelo aliyense anathamanga modabwitsa, ngakhale mnyamata wina wonenepa amene analowa mpikisano pofuna kusangalatsa chibwenzi chake. Mphunzitsi wa sayansi anafotokoza kuti mpweya unali wopepuka tsikulo, ndipo anthu anagwedeza mitu.

Patapita masiku asanu, a Mzere akuzungulira kuseri kwa nyumba yawo ndi ndowa ya madzi osamba, chinachake chinawakola pakhosi. Chinali chingwe chabuluu, chomangidwa pakati pa nsanamira ziwiri za khonde, chitalendewera malaya a mwana wawo wachisamba amene panthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Laimu anali asanachokemo n'komwe.

"Inu mayi, chingwe ichi mwachitenga kuti?"

"M'thumba lanu lija munabwera nalo mvula isanathe," anayankha akazi awo ali m'khitchini. "Chakale chinaduka. Mumafuna ndiziyanika pamutu panu?"

"Munadula chachitali bwanji?"

"Kachidutswa chabe. Ndinamanganso mfundo yake bwinobwino, inuyo simunaone. Chingwe chonse chija mungalire ndi akaka?"

A Mzere sanasambe. Anakabwereka tepi kwa kalipentala woyandikana nawo, n'kuyeza kachidutswako katatu. Kanali ka mamita atatu. Samu imeneyi sinkafuna digiri: chingwe chogonekedwa kawiri, mamita atatu kawiri. Kamvuluvulu anali atathamanga mamita 94.

Tinene chilungamo, anafunadi kukaulula. Anauza akazi awo kuti Lolemba m'mawa alawirira ku ofesi ya mkulu wa koleji. Lolembalo anapeza anthu ataunjikana pa bolodi la zidziwitso, pamene panali patamatidwa nkhani ya m'nyuzipepala yokhala ndi chithunzi cha Kamvuluvulu atakweza manja. Kumunsi kwenikweni, mtolankhani analemba kuti mpikisanowo unachitikira "pabwalo loyezedwa mwaukatswiri". A Mzere anawerenga mawu atatuwo kasanu, milomo ikugwedezeka. Kenako anatembenuka, n'kupita kukatchetcha udzu. Anagula chingwe chatsopano mwakachetechete, chakale n'kuchiponya pansi pa mgolo wa laimu. Kachidutswa kaja kanatsala pakhonde, chifukwa akazi awo ananena kuti amene akachotse agule kaye kena.

Kamvuluvulu anatumizidwa ku mpikisano wa dziko lonse, atasanzikidwa ndi basi yodzaza. Pa anthu asanu ndi atatu anakhala wachisanu ndi chiwiri, ndipo womaliza uja anali atabinya mwendo pakati panjira. Anabwerako ndi zifukwa zokwana wilibala: m'mimba munamutsegula, nsapato zinali zothina, mfuti inalira iye asanakonzeke, komanso bwalo lakumeneko linali lalitali. Pa chomalizachi ananena zoona osadziwa, ndipo a Mzere, amene anali pomwepo ndi chitini chawo, anayang'ana kumbali. Kuyambira pamenepo Kamvuluvulu sanathamangenso, ati kuopa kufooketsa ana. Atamaliza maphunziro movutikira, koleji inamulemba ntchito yoyang'anira masewero, poti munthu wa rekodi sangamusiye apite kwina. Anamera mimba, anagula wenzulo wachitsulo, ndipo kaya ndi pamsonkhano, kaya paukwati wa mnzake, mawu ake ankayamba ndi "Chaka chimene ndinathamanga teni poyinti thuu". Anakhazikitsanso lamulo lake: wophunzira aliyense wofuna kutumizidwa ku mpikisano wa dziko lonse afike kaye pa rekodiyo. Ankati sangatumize anthu okachititsa koleji manyazi, ndipo za manyazi amenewo iye ankazidziwa bwino.

Zaka khumi zinadutsa, ndipo mwana wachisamba wa a Mzere anakhoza mayeso n'kulowa koleji yomweyo kukaphunzira zamagetsi. Bambo ake anayenda mwezi wathunthu osagunda pansi. Kenako zinadziwika kuti mnyamatayo ali ndi miyendo, ndipo miyendo yake sinali ya matewe. Ankathamanga mosachita phokoso, mutu osagwedezeka, ngati munthu amene watumidwa mankhwala a wodwala. Chaka choyamba anapeza 10.5. Chachiwiri 10.4. Ankadzuka m'mawa kukakoka tayala lagalimoto atalimangirira m'chiuno, anasiya shuga, anasiya anzake. Chaka chachitatu mawotchi anati 10.4 kachiwiri.

"Wayesetsa, Nambala Thuu," anatero Kamvuluvulu akumusisita paphewa pamaso pa anthu. "Koma teni poyinti thuu si masewera, mwana wanga. Zina n'zobadwa nazo."

Dzina la Nambala Thuu linamukakamira. Mphunzitsi wina wa masewero wochokera kutali, amene anabwera kudzaonerera, anapempha kuti mnyamatayo apite naye ku mpikisano waukulu, akunena kuti sanaonepo wophunzira wothamanga chonchi pabwalo la udzu. Kamvuluvulu anati lamulo ndi lamulo. Zonsezi zinkachitika a Mzere ataima chapafupi, atakumbatira chitini cha laimu.

Zimene zimandipsetsa mtima ndi izi. Zaka zitatu zonsezo a Mzere ankayeza bwalo kawirikawiri, ndi chingwe komanso ndi tepi, osachotsa ngakhale chala chimodzi. Maganizo osuntha chikhomo pang'ono kuti mwana wawo apindule anawabwererapo, ndipo anawakana monyadira, ati iwo si wakuba. Munthu yemweyo amene sakanabera mwana wake chala chimodzi ankalondera mamita asanu ndi imodzi a mwana wa eni, chifukwa cha mawu atatu a m'nyuzipepala amene anawasunga m'Baibulo.

"Muuzeni mwanayu," ankatero akazi awo. "Akutha ngati sopo."

"Ndimuuza akamaliza mayeso."

Mayeso atatha: "Ndimuuza zotsatira zikatuluka."

"Inu a Mzere, Mulungu akukuonani."

Tsiku lina mnyamatayo anabwera kunyumba, n'kuchapa vesiti yake yothamangira, n'kuiyanika pakhonde. Itauma anaipinda, ndipo sanaivalenso. Anamaliza maphunziro, anagwirako ntchito apa ndi apo, kenako anayamba bizinesi yake yobwereketsa masipika ndi zimkuzamawu pa maukwati ndi misonkhano. Anakwatira, anagula kagalimoto kakale konyamulira katundu wakeyo. Amayi ake atamwalira, anapitiriza kubwera kwa bambo ake Lamlungu lililonse masana. Ankakhala pakhonde lomwelo, pansi pa chingwe chomwecho, poti nayiloni wa pamthunzi sawola msanga, n'kumakambirana za denga lodontha ndi za mawondo a bambowo. A Mzere ankakonza mawu m'mutu sabata yonse, koma Lamlungu likafika ankafunsa za ana. Ankadzitonthoza kuti amene ankadziwa nkhaniyi anali awiri, ndipo mmodzi anapita nayo kumanda.

Rekodi itakwanitsa zaka 25, koleji inaganiza zolemekeza Kamvuluvulu potcha bwalolo dzina lake. Komiti imene inaganiza zimenezi wapampando wake anali Kamvuluvulu. A Mzere, amene ankapuma pantchito mwezi womwewo atagwira zaka 34, analandira kalata yowapempha kuti adzalankhule mphindi ziwiri monga mboni imene inayeza bwalo tsiku lalikulu lija. Anamvanso kuti ntchito ya zimkuzamawu yapatsidwa kwa mwana wawo.

Apa a Mzere anaona kuti mpata wina sudzapezekanso: anthu onse pamodzi, mwana wawo ali pomwepo, ndipo ntchito yoti angachotsedwe palibenso. Anatsimikiza kuti anena. Anayeserera mawuwo m'kanyumba ka malata kaja, wilibala ikumvetsera. "Mtunda uja unali woperewera. Wolakwa ndine. Amene anathamanga kwambiri pabwalo lino ndi mwana wanga." Ziganizo zitatu basi. Kutatsala tsiku limodzi anamasula kachingwe kaja pakhonde, n'kukakulunga, n'kukaika m'thumba la jekete kuti akakaonetse.

Tsikulo bwalo linawala. A Mzere anali atathira laimu watsopano dzulo lake, ndipo anakhala m'mawa wonse akukalipira onyamula mipando kuti azidumpha mizere. Panali matenti atatu, maluwa apulasitiki, ndi chikwangwani chophimbidwa ndi nsalu. Vesiti yakale ya Kamvuluvulu inabwera itanyamulidwa papilo, poti mwini wake ikanangomukwana mkono umodzi. Mkulu wa koleji, amene anabwera pa kolejiyo chaka chathachi ndipo sanaonererepo mpikisano uliwonse, analankhula kwa mphindi makumi anayi za masomphenya. Wina wa m'komiti, kaya mwachikondi kaya mwankhanza, anali ataika pa ndondomeko kuti ngwaziyo ithamange mamita 100 aulemu. Kamvuluvulu anavula jekete, anagwada movutikira, wenzulo analira. Mamita makumi awiri oyamba mimba inatsogola. Atafika cha pakati anaima, manja m'chiuno, akupuma ngati pampu ya njinga, kenako n'kuyamba kubayibitsa anthu ngati kuti anakonza zoimira pomwepo. Anthu anaomba m'manja, poti chakudya chinali chisanagawidwe.

Kenako woyendetsa mwambo anaitana a Mzere. Anadzuka dzanja lili m'thumba, chingwe chili m'manja, ziganizo zitatu zili pakamwa. Anaona mwana wawo atakhala kuseri kwa tebulo la makina pansi pa mtengo, akuwayang'ana.

Koma asanafike pa chimkuzamawu, mkulu wa koleji anaimirira n'kunena kuti pali kanthu kena kamene a Mzere sanauzidwe. Anatulutsa satifiketi ya m'felemu yagalasi, n'kuwerenga mokweza: "Kwa katswiri woyeza, amene m'zaka 34 sanalakwitsepo ngakhale chala chimodzi." Ophunzira, omwewo amene a Mzere ankawathamangitsa ndi chikwanje chotchetchera, anaimirira n'kuyamba kuimba, "Mzere! Mzere! Mzere!" Aphunzitsi a madigiri aja anaimirira nawo. Kamvuluvulu, thukuta lili kamukamu, anawakumbatira n'kuwatcha bambo ake. Chibadwire a Mzere anali asanaomberedwepo m'manja ndi anthu oposa awiri. Maso anadzaza misozi, ndipo felemu ija inafuna manja onse awiri, choncho dzanja lija linatuluka m'thumba.

"Tiuzeni, madala," anatero woyendetsa mwambo, "poti pali ena ansanje amene amakayika. Mtunda uja unali wokwana?"

A Mzere anayang'ana satifiketi, anayang'ana khamu la anthu.

"Unali wokwana," anatero chapansipansi.

"Sizikumveka kumbuyoko! Achimwene a makina, tatikwezerani pang'ono madalawa."

Mwana wawo anatambasula dzanja, n'kukweza.

"Unali wokwana!" Mawu awo anatuluka m'masipika onse anayi, n'kukagunda khoma la hositelo, n'kubwerera. "Mamita handiredi enieni. Ndinayeza ndekha."

Nthungululu zinalira. Nsalu ya pachikwangwani inakana kutsika mpaka wina anachita kuikoka ndi ndodo, ndipo anthu anathamangira ku holo kukadya, ena mwaliwiro loposa la ngwaziyo.

A Mzere sanapite kukadya. Anazungulirazungulira, kenako anapita pansi pa mtengo paja, felemu ili m'khwapa. Mwana wawo anali yekha, akukulunga mawaya pamkono. Masipika anali atakwezedwa kale m'galimoto.

"Mwalankhula bwino, bambo," anatero osawayang'ana. "Zamveka mpaka kumsewu."

"Anandidzidzimutsa ndi chinthuchi. Sindimadziwa kuti..."

"Dzulo ndinadutsa kunyumba kudzakusiyirani taye mwavalayo. Munalibe, ndinangoiika pawindo. Ndinaona kuti pakhonde palibe chingwe." Anamaliza waya umodzi, n'kutola wina. "Ndinati basi, mawa ndi tsiku. Ndinakutengerani chimkuzamawu chabwino kwambiri chimene ndili nacho, chija ndimabwereketsa kwa mabishopu okha. Mabatire atsopano."

A Mzere anayang'ana pansi. "Chingwe chiti?"

Apa ndiye mwanayo anasiya waya, n'kuwayang'ana m'maso.

"Bambo, musatero. Amayi anandiuza tsiku limene ndinachapa vesiti ija. Ndikuyanika, anabwera n'kugwira chingwecho, n'kundiuza zonse, mpaka tepi ya akalipentala. Anati ndisakufunseni, mudzanena nokha, poti ndinu munthu woongoka."

"Ndiye bwanji sunapite kukanena?"

"Kwa ndani? Nambala Thuu akanene kuti rekodi ndi yabodza? Akanati nsanje. Akanandikhulupirira, inuyo akanakuchotsani ntchito. Ine za mpikisano ndinaiwala kalekale, miyendo inatha, onani mimba yayamba. Ndimangofuna ndimve pakamwa panu kuti sindinali wolephera." Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Zaka khumi ndi ziwiri, bambo. Malamlungu onse aja mumaganiza ndimabwerera denga?"

A Mzere anaika felemu pansi, n'kupisa m'thumba, n'kutulutsa kachingwe kaja. Kanali katayezuka, kosalala chifukwa cha zovala za zaka 25. Anakatambasulira mwana wawo ndi manja awiri. Ziganizo zitatu zija zinali zikadalipo, zonse, m'ndondomeko yake.

"Mwana wanga, mtunda uja..."

"Mwanena kale, bambo. Kawiri. Ndakweza ndekha."

Analandira chingwecho, anachiyang'ana, n'kumangira mtolo wa mawaya, n'kuuponya m'galimoto. Anatola felemu ija pansi, anaipukuta fumbi ndi malaya ake, n'kuwapatsa mwaulemu, dzanja lina litagwira pachigongono.

"Mukaikhome pabwino, pamene sipadontha. Lamlungu lino musandidikire."

Njira yotulukira inali yozungulira kuseri kwa golo, ndipo aliyense pa koleji ankaidziwa, makamaka mwanayo. Koma analiza galimoto n'kulunjika pakati pa bwalo. Matayala anadutsa pa mizere yonse isanu ndi inayi ya laimu watsopano, n'kuisiya itapakika ngati phala lotayika. Mlonda wa pageti, amene ankaonera chapatali, anagwira pakamwa, akudikira kuti mawu aakulu aja amveke. A Mzere anangoima ndi satifiketi yawo.